Kompyuta ikutentha ngati mbaula, kodi ndipange overclock?

FUNSO: Akulu, ine ndimaedita mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Zingwangwa, ndili ndi desktop ya purosesa ya Intel i5-9600K yomwe ndinagula kwa munthu. Ndikamapanga render (kutulutsa vidiyo yomalizidwa), pulogalamu yoyeza kutentha ya Core Temp ikumaonetsa madigiri 86 mpaka 90, fani kumalira ngati ikufuna kuuluka. Mnzanga akuti ndipange overclock, kukweza liwiro la purosesa kuposa la kufakitale, kuti izithamanga chifukwa makasitomala amandivutitsa ndikachedwa. Sindiipsereza? Wowerenga wanu, Zingwangwa.

YANKHO: Achimwene, za overclock zija dikirani kaye, pa 90 musayerekeze n'komwe. Purosesa yanuyo malire ake ndi madigiri 100, ikafika pamenepo imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse ndipo zikanyanya kompyuta imangozima, ndiye mukaiwonjezera moto panopa render yanu izichedwa kuposa kale, mwinanso kudukira pakati vidiyo ya anthu.

Kompyuta ikangokhala osagwira ntchito yolemera imayenera kukhala pa 30 mpaka 45, mukamapanga render kapena kusewera magemu 65 mpaka 80 ndi zabwinobwino. Ma core (tizigawo ta mkati mwa purosesa) kusiyana ndi madigiri angapo musadandaule nazo, zimatero. Amene muli ndi mapurosesa a AMD Ryzen 7000 musatengere manambalawa, iwowo anapangidwa kuti azifika 95 osavuta.

Tsono vuto lalikulu kuno kwathu ndi fumbi, ndimaliona daily. Mwezi wa October ku Blantyre kutentha kumadutsa 30, chipinda cha malata chopanda siling'i masana ndi uvuni weniweni, kompyuta mwaiika pansi pa tebulo pomwe mumasesa, ikukoka fumbi lonse lija mpaka pa heatsink (chitsulo choziziritsa purosesa) kumachita kukhala ngati bulangete. Mpweya udutsa pati? Zimitsani, zulani pa soketi, tsegulani mbali, mupemelere ndi blower koma fani muigwire ndi chala isazungulire mopenga. Kenako chotsani cooler, pukutani thermal paste (phala la pakati pa purosesa ndi cooler) yakale ija yomwe yauma ngati dothi (poti munagula kwa munthu ndikukayika ngati anasinthapo) ndi spirit, muike yatsopano kadontho kofanana ndi nsawawa yaying'ono pakatikati, osati kupaka ngati majarini pa buledi ayi. Mankhwala otsukira mano omwe ena amaikapo aja chonde musayese, zimandiwawa ndikamaona makina abwino akufa choncho. Onaninso cooler yake, 9600K imagulitsidwa yopanda cooler, ndiye ambiri amangoikapo kaja kakang'ono ka Intel komwe sikakwanitsa. Pezani ya tower yokhala ndi mapaipi a kopa, ndipo kompyutayo ikwere pa tebulo.

Mukaona kuti render yatsika kufika cha m'ma 70, apo nde tikambe za overclock. K ili kumapetoyo ikutanthauza kuti purosesa ndi yotsegula, imalola overclock, koma bodi (motherboard) nayo iyenera kukhala Z370 kapena Z390, ngati ndi H310 kapena B360 basi iwalani. Chimodzimodzi anzathu a ma Dell OptiPlex ndi ma HP a muofesi aja, BIOS yake (menyu ya masetingi a bodi) ndi yotseka.

Purosesa yanu imayambira 3.7 GHz ndipo imakwera yokha mpaka 4.6. Mu BIOS muzikweza multiplier (nambala yoikira liwiro la purosesa) kamodzikamodzi, 46 kenako 47, iliyonse ndi 100 MHz, mukakweza muyese ndi pulogalamu yolemetsa purosesa ya Cinebench kapena Prime95 kwa ola lathunthu maso ali pa Core Temp. Ikapanga blue screen (Windows kuima n'kuonetsa sikirini ya buluu) onjezerani voltage pang'ono kwambiri ngati 0.01, ine sindidutsa 1.35V ndipo pa testi ikafika 85 ndimabwerera mmbuyo, chifukwa voltage ndi imene imabweretsa kutentha n'kumaidya purosesa pang'onopang'ono. Ikakana kuyaka musathamangire kwa amisiri, zulani pa magetsi, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa bodi kwa mphindi zingapo, zonse zibwerera mwakale.

Koma ndikuuzeni zoona achimwene, ngakhale mutafika 4.9 render ya ola limodzi mupulumutsapo mphindi zochepa chabe. Kompyutayi ndi imene ikukudyetsani, ndipo ndi mmene magetsi amathimirathimira ine ndalamayo ndikanayamba ndagulira UPS (batire yosunga kompyuta magetsi akathima) ndi power supply yodalirika. Mukatsuka n'kusintha paste mundilembere manambala amene Core Temp ikuonetsa, komanso dzina la bodi yanu, tione ngati 47 ingatheke.