Dragon Quest XI: kodi mwana woyamba kumene angaithe?

Funso: Amisiri, mlongo wanga wa ku Joni anatitumizira PS4, makina osewerera magemu pa TV, yogwirapo kale ntchito pamodzi ndi madisiki awiri. Imodzi ndi ya mpira, inayo yalembedwa Dragon Quest XI. Mwana wanga wa zaka 12 anaiyesa tsiku limodzi n'kuisiya, akuti munthu amangoyenda ndi kuwerenga. Ndiigulitse? (Mayi wa ku Chilobwe)

Yankho: Mayi, musaigulitse. Pa magemu a mtundu umenewu, omwe amawatchula kuti RPG, sindikudziwa ina imene imamulandira bwino mlendo kuposa iyi. Wosewera amakhala munthu wa m'nthano: mnyamata wa m'mudzi wa Cobblestone amene wauzidwa kuti anabadwa kudzapulumutsa dziko. Amapita kukaonekera kwa mfumu ya ku Heliodor, ndipo mfumuyo m'malo momulandira imamuponya m'ndende. Kuchiyambi nkhani imayenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake mwanayo anatopa. Mumuuze apirire mpaka atathawa m'ndendemo ndi mbava yotchedwa Erik. Akafika pamenepo, mudzayamba kulimbana naye kuti akagone.

Chimene ndimaikondera kwambiri ndi kamenyedwe kake. Ndewu ya m'gemuyi ili ngati bawo: uyu asewere, kenako uyo. Ikafika nthawi yako, chilombo chimadikira. Ukhoza kuika padi, chija umagwira m'manja posewera, pansi, kukamwa madzi, kubwera n'kuganiza bwino ngati umenye ndi lupanga, uponye moto kapena uchize mnzako amene wavulala. Sipafunika zala zothamanga. Anzake a mnyamatayo akachuluka n'kuyamba kusokoneza, pali malo olembedwa Tactics pomwe umawauza kuti azimenya okha, iwe n'kumangosamala za munthu mmodzi. Zilombo za pamtunda zimaoneka zikuyendayenda, choncho ukaona kuti mphamvu zachepa umangozilambalala.

Ukagonja, gemu sikulanga mwankhanza. Ukhoza kudzukira kutchalitchi chomwe unasevera komaliza utataya theka la ndalama za m'thumba, koma mphamvu zonse zomwe unapeza zimakhalabe zako. Khalidwe limeneli linayamba ndi Dragon Quest yoyamba, yomwe katswiri wopanga magemu Yuji Horii anatulutsa ku Japan mu 1986 ndi cholinga choti munthu wamba, wosadziwa za magemu a pakompyuta, athe kufika kumapeto bola asagwe ulesi. Ya nambala XI inatuluka ku Japan mu 2017, kumaiko ena mu 2018, ndipo mtima wake ndi womwewo. Mwana akatha mlungu osaigwira chifukwa cha mayeso, poyatsa imayamba yamukumbutsa pomwe nkhani inalekera.

Ndikuuzeninso za pa tebulo langa. Mapadi ambiri omwe ndimakonza ndi ophedwa ndi mpira. Ndikatsegula ndimapeza kafumbi kakuda pansi pa kandodo ka kumanzere, batani la R2 litafooka chifukwa cholipana pothamangitsa wosewera, nthawi zina pulasitiki itang'aluka chifukwa wina anagoletsedwa mphindi yomaliza n'kuimenyetsa pansi. Gemu yosinthana ngati iyi padi imakalamba nayo mwaulemu.

Zoti mudziwe monga kholo: zonse zili m'Chingerezi, ndipo kuwerenga n'kochuluka. Ine ndimakuona ngati phindu, makamaka mukakhala naye pafupi masiku oyamba. Ku Ulaya anailemba kuti ndi ya zaka 12 kupita m'tsogolo. Muli nyumba ya juga yogwiritsa ntchito ndalama za m'gemu momwemo, osati zenizeni, komanso nthabwala zina za akuluakulu apo ndi apo. Ndi yaitali, maola opitirira 50, choncho mugwirizane nthawi yosewera isanamulowe m'magazi.

Funso: Kwathu magetsi amathima mosachenjeza. Mwana akasewera maola ambiri chonchi, sizidzafufutika zonse? (Bambo wa ku Area 25)

Yankho: Bambo, apa pali zinthu ziwiri. Za gemu n'zosavuta: amasevera kwa wansembe m'tchalitchi kapena pa kachiboliboli komwe kali pa malo ogona a m'tchire, ndipo gemu imasevanso yokha nthawi ndi nthawi. Muzolowetseni mwana kuti akalowa m'tauni iliyonse ayambe wapita kutchalitchi.

Chondidetsa nkhawa ndi makinawo. PS4 ili ndi hard drive, chosungira mafayilo chozungulira mkati, ndipo magetsi akathima ikulemba, mafayilo amatha kuonongeka. Musamaisiye pa Rest Mode, pomwe kanyali kamayaka mtundu wa lalanje, muziizimitsiratu. Magetsi akabwerera musathamangire kuyatsa, dikirani akhazikike, ndipo ikhale pa chotetezera magetsi ngati chija mumaika pa firiji. Ikayaka n'kulemba kuti ikuunika storage, isiyeni imalize.

Ikayamba kuchedwa kapena kukana kutsegula magemu, izimitseni, kenako dinikizani batani loyatsira osalisiya mpaka ilire kachiwiri, pafupifupi masekondi 7. Lumikizani padi ndi chingwe, musankhe Rebuild Database. Zimenezi sizifufuta kanthu. Koma pansi pake pali mawu oti Initialize, amenewo musawakhudze, amasesa zonse. Ndinalandirapo makina omwe mwini wake anadina pamenepo poganiza kuti akukonza, ndipo panalibe chomwe ndikanabweza. Kamodzi pa mwezi tengani fulashi, mulowe mu Settings, Application Saved Data Management, mukopere zomwe mwana waseva.

Funso: Ine PS4 ndilibe. Pa foni ya Android ilipo? (Mnyamata wa ku Mzuzu)

Yankho: Achimwene, ya XI pa foni palibe, ndipo aliyense wokupatsani fayilo yoti ndi imeneyo akukunamizani. Zambiri mwa zomwe Square Enix, kampani ya gemuyi, inaika pa Play Store ndi zakale za m'banja lomweli. Yambani ndi Dragon Quest V, ya mu 1992, yomwe imatsata munthu kuyambira ali kamwana koyenda ndi bambo ake mpaka atakwatira n'kukhala ndi ana akeake. Mumasewera foni itaima chilili, ndi chala chachikulu chimodzi, ndipo silira foni yamphamvu. Ndi yogula, mumalipira kamodzi. Ma APK, mafayilo oikira magemu pa foni, aulere otola pa intaneti ndi omwe amandibweretsera mafoni otentha ali m'thumba, batire yotha msanga ndi zotsatsa malonda zotulukira paliponse. Pa foni imene mumasungira ndalama, musaikepo zoterozo.