Ma contact lens mukabayitsa Botox

Asisi, mwafunsa ngati mungavale ma contact lens (timagalasi tovala m'diso) mukangobayitsa Botox, jakisoni wochepetsa makwinya a pamphumi ndi m'mbali mwa maso. Mungavale ndithu, jakisoniyo salowa m'diso, amapita mumnofu wa pansi pa khungu. Vuto ndi zala zanuzo. Povala lens mumakoka chikope n'kumadina pafupi ndi pomwe abaya paja, ndiye mankhwala atha kusendera ku mnofu wokweza chikope, chikope n'kugwa, ndipo zikatero mudikira masabata ndithu kuti chibwerere. Ine tsikulo ndimapita ndi magalasi, ma lens ndimavala pakatha maola 24, osatikita nkhope, osagonanso maola 4 oyambirira.

China chomwe ambiri sakuuzani, akabaya pafupi ndi diso kuphethira kumatha kuchepa mphamvu maso n'kumauma, manje onjezani fumbi ndi mphepo ya Ogasiti ya muno mu Lusaka muli pa Cairo Road, lens imachita kukanda ngati mchenga. Gulani mankhwala odonthezera m'maso ku pharmacy, muwauze kuti mumavala lens. Diso likafiira kapena mukamaona zinthu ziwiriziwiri, vulani mubwerere kwa amene anakubayaniwo.