Kiyi ikutembenuka koma Benz yangoti zii: kodi ndigule loko ina ya chiwongolero?

Funso: Amisiri, ndimakhala ku Mufakose mu Harare ndipo ndili ndi Mercedes C200 ya 2009. Kwa milungu iwiri yakhala ikuvuta m'mawa, ndimachita kutulutsa kiyi ndi kuibwezeranso katatu isanalire. Dzulo yakaniratu. Kiyi ikutembenuka, wailesi ndi magetsi akutsogolo zikuyaka, koma dashibodi ili bii, sitata osamveka n'komwe. Makaniko wina akuti tikagule loko ya kaunjika kumsika wa Magaba ku Mbare. Ndigule?

Yankho: Bambo, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba. Zizindikiro mwatchulazi zikulozadi ku loko, koma ine sindilola munthu kugula chinthu tisanayeze.

Galimoto yanuyo ndi ya mtundu wa W204, umene unayamba kutuluka mu 2007. Loko yake, imene timaitcha ESL, ndi kabokosi komangidwa pa mtengo wa chiwongolero, ndipo m'kati mwake muli kamota kakang'ono kokankha ndi kubweza chitsulo chotsekera. Mukalowetsa kiyi, switchi ya kiyi imaizindikira, n'kuuza lokoyo kuti itsekule. Loko ikayankha kuti yatsekula m'pamene switchi imalola magetsi kupita kudashibodi ndi kusitata. Ikapanda kuyankha, galimoto imangokhala duu ngakhale injini ili yabwinobwino.

Ndiye yambani ndi khutu. Zimitsani wailesi, tsekani zitseko, lowetsani kiyi osaitembenuza. Loko yamoyo imamveka kuti "zzzt" mwachangu pansi pa chiwongolero. Ikamveka mwaulesi ngati ikuvutikira, kamota katopa kapena mphamvu ikufika yochepa. Kukangoti zii, tiyenera kudziwa ngati mphamvuyo ikufikako n'komwe.

Apa ndi pamene anzanga ambiri amadumpha, ndipo zimandiwawa. Ikani mita pabatire galimoto itagona usiku wonse. Batire yabwino imaonetsa mavolti 12.6 kapena pafupi pamenepo. Ikatsika kufika pa 12.0 ndiye kuti yatha mphamvu, ngakhale magetsi akuyaka. Mwanena kuti vuto limabwera m'mawa, ndipo kuzizira kwa kuno mu June ndi July kumaulula batire yofooka msanga. Yang'ananinso mitu ya batire. Tsiku lina anandikokera Benz kuchokera ku Highfield, mwiniwake atauzidwa kale kuti loko yafa. Nditamasula mutu wa negativu ndinapeza ufa woyera wadzaza pansi pake, mutuwo ukuzungulira ndi chala chokha. Titapala ndi kumanga bwino, loko inalira pomwepo.

Batire ikapambana mayeso, pitani kumafyuzi. Musangowaona ndi maso, ayezeni ndi mita mbali zonse ziwiri. Kenako tsikani kupulagi ya lokoyo. Pali waya wobweretsa mphamvu nthawi zonse, wa earth, ndi wonyamula uthenga kuchokera kuswitchi. Wa mphamvu uonetse zofanana ndi za batire. Koma mita yokha imanamiza, chifukwa waya wotsala ndi kaulusi kamodzi umaonetsabe 12. Ine ndimalumikizapo babu la 21 watts pakati pa wa mphamvu ndi wa earth, pulagi itazulidwa kuloko. Likawala mofiira, vuto lili m'mawaya kapena pamene earth imamangidwa kuchitsulo. Waya wa uthengawo musaugunditse babu kapena batire, mungaotche switchi imene ndi yodula kuposa loko. Ngati galimoto inaikidwapo alamu kapena tracker, fufuzani pamene anasenda mawaya pansi pa dashibodi. Zomangidwa ndi tepi yokha zimamasuka m'maenje a misewu yathu ino.

Zonsezi zikakhala bwino, kompyuta yoyezera yodziwa Mercedes isonyeze ngati switchi ikuizindikira kiyi. Yesaninso kiyi yachiwiri ngati muli nayo. Kiyi ikuzindikirika, mphamvu ikufika, loko osayankha: pamenepo tinene kuti ndi loko, ndipo kawirikawiri ndi kamota kaja, timakala take tatha.

Tsopano mverani ichi, pakuti m'pamene pagona ndalama zanu. Gwirani chiwongolero. Ngati chikutembenuka, loko yafera potsekula ndipo mwachita mwayi. Ngati chamangika, bawuti yogwira lokoyo situluka loko ili yotseka, ndiye ntchito imakula mpaka kutsitsa mtengo wonse wa chiwongolero. Nthawi zina kugogoda kabokosiko pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, wina akulowetsa kiyi, kumadzutsa kamota kamodzi kotsiriza. Ikalira, musatulutsenso kiyi. Pitani nayo kugalaja pomwepo.

Za loko ya ku Magaba kapena m'mashopu a zipangizo za galimoto a ku Kaguvi Street, dziwani kuti loko iliyonse inalembedwa nambala zachinsinsi za galimoto imene inachokako. Mukangoimanga sigwira ntchito mpaka munthu wa makina oyenera aifufute ndi kuiphunzitsa makiyi anu, komanso kamota kake kangakhale kotopa ngati kanu. Ine ndimakonda kusintha kamota m'loko yanu yomweyo ngati bolodi yake ikadali yamoyo. Njira ina ndi emulator, kabokosi koyankha switchi m'malo mwa loko. Nako kamafuna kuphunzitsidwa, ndipo mukakaika chiwongolero sichidzatsekekanso, choncho lingalirani kumene galimoto imagona usiku.

Funso: Yanga ndi Toyota Mark X yodina batani. Nthawi zina kanyale ka pabatani kamaphethira mobiriwira, injini osalira. Ndili ku Dzivarasekwa, amisiri, kodi nanenso loko yafa?

Yankho: Ayi mayi, nthawi zambiri siinafe. Kuphethira kobiriwirako kukutanthauza kuti chitsulo chotsekera chapanikizika, makamaka mukaimika matayala atakhota kapena atatsamira mwala wa m'mbali mwa msewu. Pondani buleki, gwedezani chiwongolero uku ndi uku pang'ono kwinaku mukudina batani. Chizolowezi chabwino n'kuwongola matayala musanazimitse. Koma kanyaleko kakaphethira mwachikasu, kompyuta yaona vuto lenileni. Yezetsani batire kaye, kenako muwerengetse makodi. Ikatuluka B2285, amakaniko ayambe ndi pulagi ya loko ndi mawaya ake asanakuuzeni zogula chilichonse.