Data yanu ikamatuluka yosawerengeka pa terminal

Achimwene, mwati script yanu ya Python ikakoka data ku API (khomo lomwe mapulogalamu amatengerapo data) zonse zikungotuluka pa terminal (window yolembamo ma command) mzere umodzi wautali ngati chingwe, ndiye mukufuna ziwoneke ngati tebulo. Ngati cholinga n'kungoona zomwe zili mkatimo musavutike kulemba code, ingopangani pipe (kutumiza zotulukazo ku pulogalamu ina ndi `|`) ku `jq .`, pulogalamu yowerenga JSON, kalembedwe ka data komwe ma API ambiri amagwiritsa ntchito, izikonza yokha ndi mitundu yomwe, jq ngati mulibe pali `python -m json.tool` yomwe imabwera kale ndi Python. Ya CSV (data yolekanitsidwa ndi ma comma) ndi `column -t -s,` basi, kungoti imasokonekera pakakhala comma mkati mwa ma quotes.

Koma ikakhala pulogalamu yoti anthu ena azigwiritsa ntchito ndiye ikani tabulate kapena rich, ma library a Python opangira matebulo. Ine pa tinthu tating'ono ndimakonda tabulate, mumangoipatsa list ya ma dict ndi `headers="keys"` yatha. Rich ndi ya manyado, mitundu, ma border, komanso imayeza yokha window n'kupinda mawu aatali.

Tsono pomwe ambiri amagwa ndi apa. Mitundu ija si matsenga ayi, ndi ma escape code a ANSI monga `\033[31m` omwe terminal imawasandutsa zofiira, ndiye wina akatumiza output yanu mu file kapena ku grep (pulogalamu yofufuzira mawu) zizindikiro zonsezo zimalowa momwemo ndipo script yake imafa osadziwa chaipha n'chani. Muzifunsa kaye `sys.stdout.isatty()`, yomwe imanena ngati output ikupita pa terminal, ikati True ndi munthu akuyang'ana mpatseni tebulo lokongolalo, ikati False tulutsani JSON kapena CSV yopanda zokometsera. Muikenso `--json` yoti munthu asankhe yekha, ndipo mukapeza NO_COLOR (variable yomwe munthu amaika posonyeza kuti safuna mitundu) mu environment musamukakamize mitundu.

China, musamayeze kukula kwa column ndi `len()`, yomwe imangowerenga zilembo. Emoji imadya malo awiri, pomwe ŵ wa Malaŵi nthawi zina amabwera ngati w payekha kachipewa payekha, len iti 2 chonsecho pa screen ndi malo amodzi, mizere n'kukhota. Ikani wcwidth, library yoyeza malo omwe chilembo chimadya pa screen, tabulate ikaipeza imaigwiritsa ntchito yokha.

Manambala aziyedzamira kumanja kuti 1500 ndi 250000 zisamapusitse maso. Ma column akachuluka kuposa window, `shutil.get_terminal_size()` ikuuzani malo omwe muli nawo, ikalephera imangotenga 80 ndi 24, kapena ingotumizani ku `less -S` munthu azisuntha yekha ndi ma arrow.