Mafunso ndi Mayankho: Kodi mawu a lojiki amasiyana bwanji ndi mawu ena?

Funso: Ndikuphunzira filosofi m'chaka choyamba. Aphunzitsi athu akuti mawu monga "ndiponso", "kapena", "ngati", "si" ndi "onse" ndi a lojiki (phunziro la kaganizidwe kolondola), pamene mawu monga "mbalame" ndi "kuuluka" sali m'gululi. Kodi malire amenewa ali ndi maziko, kapena akatswiri anangogwirizana? Wophunzira.

Yankho: Maziko alipo, ndipo mungawaone mwa kuyesa nokha. Taonani mfundo iyi: mbalame zonse zili ndi nthenga, kadzidzi ndi mbalame, choncho kadzidzi ali ndi nthenga. Mukachotsa "mbalame", "nthenga" ndi "kadzidzi" n'kuikapo mawu ena alionse oyenera malowo, simudzapeza konse kuti ziganizo ziwiri zoyambazo n'zoona koma chachitatucho n'chabodza. Koma mukasintha "zonse" kukhala "zina", mfundo imagwa: mbalame zina zimasaka usiku, nkhunda ndi mbalame, komabe sizitanthauza kuti nkhunda imasaka usiku. Mawu amene mfundo imatsamirapo ndiwo a lojiki. Aristotle, katswiri wa filosofi wa ku Girisi, anazindikira zimenezi kalekale, n'chifukwa chake ankalemba zilembo m'malo mwa mayina a zinthu.

Vuto ndi lakuti kuyesa kotereku kumafuna kuti tidziwiretu mawu oti asasinthidwe, pomwe funso lanu lagona pomwepo. Alfred Tarski, katswiri wa ku Poland, anavomereza mu 1936 kuti sankadziwa chifukwa chokwanira chodulira malirewa pamalo amodzi. Patapita zaka 30, mu 1966, anakamba nkhani ku London imene inasindikizidwa mu 1986, ndipo anapereka muyeso uwu: tiyerekeze kuti zinthu zonse zasinthana malo, chilichonse chalowa m'malo mwa chinzake popanda chotsala kapena chobwerezedwa. Zimene mawu akuti "mbalame" akuloza zikhoza kusokonekera, pakuti m'malo mwa kadzidzi mukhoza kulowa mwala. Koma "zonse", "china" ndiponso kunena kuti chinthu ichi ndi chomwechija sizisintha ngakhale pang'ono, popeza mawu amenewa sasamala kuti tikukamba za chiyani.

Ine ndimauona muyeso umenewu kuti ndi wamphamvu koposa ina yonse, chifukwa umafotokoza chifukwa chake lojiki imagwira ntchito mofanana pa zamankhwala, pa zamalamulo ndi pa masamu. Komabe uli ndi chilema chimene sitiyenera kuchibisa. Mawu onse onena za kuchuluka amapambana mayesowa, kuyambira "zinthu zitatu" mpaka mawu osiyanitsa milingo ya zinthu zopanda malire, ndipo otsutsa, monga Solomon Feferman, anadandaula kuti mwa njira imeneyi mafunso ovuta a masamu akulowetsedwa mu lojiki mwakabisira.

Pali njira ina imene inachokera ku ntchito ya Gerhard Gentzen wa ku Germany m'zaka za m'ma 1930. Otsatira njirayi amati liwu ndi la lojiki ngati tanthauzo lake lonse lili m'malamulo a kagwiritsidwe kake. Mwachitsanzo, ngati chiganizo A ndi choona ndipo chiganizo B ndi choona, mungathe kunena "A ndiponso B", ndipo kuchokera pa "A ndiponso B" mungatenge A, mungatengenso B. Palibenso china chofunika kudziwa za liwuli. Mu 1960 Arthur Prior anatsutsa maganizowa popeka liwu lakuti "tonk", limene malamulo ake amalola kuchoka pa A kupita pa "A tonk B", kenako kuchoka pamenepo kupita pa B, kotero kuti chiganizo chilichonse chimabala china chilichonse. Nuel Belnap anayankha mu 1962 kuti malamulo a liwu latsopano asamalole kutsimikizira, m'mawu akale okhaokha, zimene sizinkatheka kutsimikizira liwulo lisanabwere.

Mawu asanu amene aphunzitsi anu atchula amavomerezedwa ndi mbali zonse ziwiri, choncho musawakayikire. Mkangano uli pa mawu monga "ambiri" ndi "n'kosatheka kuti". Mawu akuti "ambiri" amapambana muyeso wa Tarski mosavuta, koma alibe malamulo afupi ngati a "ndiponso", motero mukafunsidwa za iwo pa mayeso, yambani mwanena muyeso umene mukutsatira.