Za G-Shock yopanda waranti ija, achimwene a ku Bembeke

Achimwene, mwafunsa ngati mugule wotchi ya Casio G-Shock imene munthu wina akuitsatsa pa WhatsApp motchipa kwambiri kusiyana ndi m'shopu ku Lilongwe, koma ilibe khadi la waranti, akuti anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Ena pano akuti thawani, ndi feki imeneyo. Ine ndikuti dikirani kaye, tikusakaniza zinthu ziwiri.

Pali wotchi ya feki, imene a Casio sanaikhudze n'komwe, wina anangomatapo dzina. Ndiye pali wotchi yeniyeni, yotuluka kufakitale ya Casio, koma yabwera ndi munthu wamba m'chikwama, osati kudzera kwa ejenti wovomerezeka. Imeneyi ndi imene amati grey import, ndipo katundu wambiri amene timamuona akutsika m'mabasi pa boda ya Dedza ndi wotere. Wotchiyo ikhoza kukhala yabwinobwino. Chimene mwataya n'chakuti ikawonongeka kampani sikukonzerani ulere, chifukwa amafuna lisiti ndi khadi lodindidwa ndi sitolo yovomerezeka.

Tsono tifunse kuti warantiyo imakuthandizani pa chiyani. Nthawi zambiri ndi ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo imakhudza makina a m'kati ngati anapangidwa molakwika. Batire, lamba ndi galasi sizikhalamo. Koma zimene zimafa msanga pa wotchi ya dijito ndi zomwezo! Ine ndili ndi Casio F-91W imene msuweni wanga anandibweretsera yopanda pepala lililonse. Ndakumba nayo mbatatesi, yanyowa ndi chifunga cha m'mawa cha kuno mu Juni, ikuyendabe. Chinaduka ndi lamba basi, pafupi ndi kabowo kachitatu, ndinagula wina pamsika. Mtundu umenewu unatuluka mu 1989, umayendera kabatire ka CR2016 kamene kamatha zaka pafupifupi 7. Wotchi ngati imeneyi, kuilipirira ndalama yowonjezera chifukwa cha waranti n'kungodzivutitsa, chifukwa thiransipoti yopita ku Lilongwe kukadandaula, n'kupitanso kukaitenga, ikwana kugula ina.

Chimene chinandipweteka ine si kusowa kwa waranti, koma feki. Ndinagulapo G-Shock kwa venda wina m'mbali mwa M1 pa Lizulu, yokongola, kumbuyo atalemba kuti siilowa madzi. Mvula yoyamba itangogwa, m'kati mwa galasi munachita nthunzi, manambala anayamba kudukaduka, 8 kuoneka ngati 3. Nditabwerera pamalopo ndinapeza pakugulitsidwa kabichi. G-Shock yeniyeni inapangidwa kuti izipirira kugwa kuyambira pomwe inatuluka mu 1983, ndipo zambiri zimalembedwa 200 m kapena 20 bar, kusonyeza mphamvu ya madzi imene zingapirire. Mvula ya ku Dedza siingaiphe.

Ndiye musanapereke ndalama, igwireni m'manja. Kumbuyo kwa Casio yeniyeni kuli nambala ya model, komanso nambala ina m'kabokosi, ya makina a m'kati. Pa F-91W ndi 593, pa G-Shock DW-5600E za masiku ano ndi 3229. Lembani nambalayo pa Google, mupeza buku la malangizo la Casio, kenako yesani batani lililonse: alamu, stopwatch, nyali. Feki imagwidwa pamenepa, chifukwa zina zimangojambulidwa pankhope koma sizigwira ntchito. Pa F-91W mukadina batani la kudzanja lamanja n'kuligwira masekondi 3 pamatuluka mawu akuti CASIO, ngakhale a feki ena anazitulukira kale zimenezi, choncho musadalire chimodzi chokhachi. Onaninso timasikuluwu takumbuyo. Ngati tili tokalika, wina anaitsegulapo, ndipo karabala kotchinga madzi kakhoza kukhala kuti sanakabwezere bwino. Mufunsenso kuti yakhala nthawi yaitali bwanji osagulidwa, pakuti batire limayamba kutha wotchi ikadali m'bokosi.

Pamene ndingakuuzeni kuti pitani kushopu ndi ngati ili yodula, ya Tough Solar (yotchajidwa ndi kuwala kwa dzuwa) kapena yolumikiza ku foni pa Bluetooth, makamakanso smartwatch. Zimenezo zikavuta m'kati, okonza mawotchi athu pamsika sangazithe, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, ndalama yoteroyo si yoti mungoisiya ipite. Kumeneko onetsetsani kuti khadi adinda ndi kulemba tsiku, ndipo afunseni kuti ikawonongeka amaikonzera kuti, imatenga masabata angati. Shopu zina zimangonena pakamwa kuti waranti ilipo, koma katundu wawo naye ndi wa m'chikwama yemweyo.

Mukasankha ya pa WhatsApp ija, musatumize Mpamba kapena Airtel Money musanaione. Kumanani pa boma masana, muiyese muli limodzi. Akulembereni lisiti, ngakhale ya pamanja, yokhala ndi model, tsiku, mtengo, nambala yake ya foni, ndi mawu akuti ikavuta pasanathe mwezi abweza ndalama kapena asintha. Ngakhale mutafuna kukadandaula ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, adzafuna umboni woti munaguladi kwa iye. Akakana kulemba, musiyireni wotchi yake. Mukatha, jambulani kumbuyo kwake muike pano tione nambalazo.