Kodi Zolengedwa za ku Pulaneti Lina Zingakhale ndi Miyambi Yotani?

FUNSO: Ndimaphunzitsa Chichewa pasukulu ina ya sekondale muno mu Lilongwe, ndipo ndikulemba sewero la zolengedwa zochokera ku pulaneti lina. Mawu a chiyankhulo chawo ndapeka kale, koma pa miyambi ndi zining'a ndimangotenga zathu zomwezi n'kuziveka mawu achilendowo. Ophunzira anga akuti sizikugwira mtima. Ndilowere kuti?
Mphunzitsi, Area 25

YANKHO: Aphunzitsi, anawo sakunama, ndipo chimene amva ndi chakuti mwambi umamera pa moyo wa eni ake. Amene adayamba kunena kuti "mutu umodzi susenza denga" adaonapo amuna atazungulira denga la nkhokwe lomangira pansi, aliyense atalowetsa mutu wake kunsi kuti alikweze pamodzi. Chimodzimodzinso "walira mvula walira matope" amaumva bwino ndi munthu amene adayendapo m'njira za ku Mtandire mwezi wa Januwale, nsapato zili m'manja. Tsono ngati kwawo kwa zolengedwa zanuzo kulibe mvula, matopewo aziona kuti? Ndipo ngati mwazilenga zopanda makutu, sizingatsinane khutu pofuna kuchenjezana.

Ena adayendapo kale m'njira imeneyi. Katswiri wa ziyankhulo wa ku America, Marc Okrand, adakonza chiyankhulo cha Klingon, cha zolengedwa zopeka za ku pulaneti lina, kuti chigwiritsidwe ntchito mu kanema wa Star Trek wa mu 1984, ndipo dikishonale yake idatuluka mu 1985. Popeza eni chiyankhulocho ndi mtundu wokonda nkhondo komanso wosafuna zozungulira poyankhula, iye sadawapatse moni ngati wathuyu. Akakumana amangoti "nuqneH", kutanthauza kuti "ukufuna chiyani?", mawu amene kwathu kuno mukawanena kwa mlendo amene wangoti odi pakhomo, mbiri yanu imafika kumsika dzuwa lisanalowe. Miyambi yawonso, imene Okrand adaisonkhanitsa m'buku la mu 1996, yambiri imakamba za nkhondo, ulemu ndi imfa.

Chimene ine ndimachiona chakuya koposa chili m'gawo lina la Star Trek ya pa wailesi yakanema la mu 1991, lotchedwa "Darmok". M'menemo muli mtundu umene umayankhula pongotchula anthu ndi malo a m'nthano zawo, kotero kuti makina omasulira ankapereka mawu onse molondola koma tanthauzo osamveka. Ifenso timatero, chifukwa agogo akangoti "mwana wa ng'ona" n'kukhala chete, wakwathu amamaliza yekha mumtima kuti sakulira dziwe limodzi, pamene mlendo amayamba kuyang'ana kumtsinje.

Choncho ikani kaye pambali mndandanda wa mawuwo, ndipo mukhale pansi ndi ophunzira anuwo kuti mugwirizane chimene zolengedwazi zimadya, chimene zimaopa ndi chimene chimasowa kwawo. Tiyerekeze kuti kwawoko kuli madzuwa awiri ndipo mthunzi ndi wosowa ngati madzi mu Okutobala: wamkulu angadzudzule womana ponena kuti "womana mnzake mthunzi amaiwala dzuwa lachiwiri". Musaumasulire mwambiwo pabwalo. Wina aunene wonse koyambirira kwa sewero pamene nkhani yake ikuoneka ndi maso, kenaka chakumapeto wina angoti "dzuwa lachiwiri", muone ngati oonerera adzagwedeze mitu.